Kubwezeretsa Mphamvu Zoyenda Pambuyo pa Opaleshoni: Malangizo kwa Odwala ndi Owasamalira ku Chikwawa ndi Nsanje

Dokotala akamaliza kusoka bala, ntchito yobwezeretsa thupi m'chimake imakhala itangoyamba kumene, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imeneyi sigwiridwa ndi achipatala koma ndi wodwala mwini wake pamodzi ndi abale amene akumusamalira. Kuno ku Chigwa cha Shire nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa akatswiri a mafizo, omwe ndi masewera oyendetsa ndi kulimbitsa ziwalo za wodwala, ndi ochepa, ambiri mwa iwo ali ku Blantyre, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ndi ku chipatala cha mafizo cha Kachere, pamene munthu wa ku Makhanga, Ngabu, Chapananga kapena Marka akatulutsidwa m'chipatala amabwerera kumudzi kumene angathe kukhala miyezi yambiri osaonana ndi katswiri aliyense. Malangizo otsatirawa ndi a munthu wamkulu amene wachitidwa opaleshoni ya pamimba, monga yobereketsa, ya haniya (kutuluka kwa matumbo pamalo ofooka a minofu ya pamimba) kapena ya matumbo, komanso amene wachitidwa opaleshoni ya fupa lothyoka la mwendo kapena la mkono. Pamene malangizowa akusiyana ndi zimene dokotala wanu wanena, tsatirani za dokotalayo, pakuti iye ndiye anaona m'kati mwa bala.

Anthu amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amagonekedwa pamphasa milungu yambiri chifukwa abale, mwa chikondi chawo, amaopa kuti ulusi uduka, ndipo akadzati adzuke amapeza bondo lauma, miyendo yaonda, chifuwa chadzaza makhololo. Ena amafulumira kutenga khasu kapena kusenza ndowa bala la m'kati lisanagwirane, chifukwa dimba silidikira munthu. Mafizo amafuna kuti thupi liyambe kuyendetsedwa msanga, koma pang'onopang'ono, tsiku lililonse, ndiponso ndi muyezo.

Gawo loyamba: Yambani mudakali pabedi la m'wodi

Mukangotsitsimuka ku mankhwala ogonetsa pali zinthu ziwiri zimene mungayambe tsiku lomwelo, ngakhale diripi idakali pamkono. Choyamba ndi kupuma mozama. Mankhwala ogonetsa pamodzi ndi ululu wa bala zimachititsa munthu kupuma mwapamwamba, mpweya sufika kumunsi kwa mapapo, makhololo amaunjikana kumeneko, ndipo umu ndi mmene chibayo chimayambira mwa anthu ambiri amene ang'ambidwa pamimba. Ikani manja pa nthiti zam'munsi, kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno mpaka mutamva nthitizo zikukankha manja anu, usungeni kwa masekondi 3, kenaka muutulutse kudzera pakamwa. Bwerezani maulendo 5 mpaka 10 pa ola lililonse limene muli maso. Mukamva makhololo musawasunge poopa ululu. Pindani chitenje choyera kangapo, chiikeni pamwamba pa bandeji, chigwireni zolimba ndi manja onse awiri, pindani mawondo, ndipo tsokomolani kamodzi mwamphamvu. Kugwira bala motere kumachepetsa ululu ndipo kumateteza ulusi.

Chachiwiri ndi kuyendetsa akakolo. Magazi a m'miyendo amabwerera ku mtima chifukwa akatumba amafinya mitsempha munthu akamayenda, kotero kuti munthu akangogona chigonere magaziwo amayenda mwaulesi ndipo angathe kuundana. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka n'kupita ku mapapo, kangathe kupha munthu amene opaleshoni yake inayenda bwinobwino. Kokerani zala za kumapazi kulozetsa kumaso kwanu, kenaka muzikankhire kutsogolo, monga achitira telala popalasa makina osokera, maulendo 20 pa ola lililonse.

Wodwala amene sangathe kudzitembenuza yekha atembenuzidwe ndi gadiyani pa maola awiri alionse, ndipo gadiyaniyo aziyang'ana khungu la pa zidendene, pamatako ndi m'mbali mwa chiuno. Malo ofiira kapena akuda kuposa khungu lozungulira, amene sakubwerera mwakale munthu atatembenuzidwa, ndi chiyambi cha chilonda, ndipo kutentha kwa kuno pamodzi ndi thukuta zimachikulitsa msanga. Amene athyoka fupa la ntchafu n'kumangiriridwa zolemera zokoka mwendo amakhala pabedi milungu yambiri, choncho iwo ndiwo ayenera kulimbikira koposa. Azilimbitsa manja podzikweza pabedi, azipinda ndi kuwongola mwendo wabwinowo, ndipo azilimbitsa minofu ya ntchafu yothyokayo monga achipatala awasonyezera, popeza manja amenewa ndi mwendo umenewu ndizo zidzawanyamule tsiku limene adzapatsidwe ndodo.

Gawo lachiwiri: Kudzuka koyamba

Ambiri amene achitidwa opaleshoni ya pamimba, kuphatikizapo amayi amene abereka kudzera mu opaleshoni, amaloledwa kudzuka maola 24 asanakwane. Ngati munabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuchokera m'chiuno kutsika, dikirani kufikira miyendo itayamba kumva ndi kuyenda bwino, ndipo ulendo woyamba musadzuke popanda namwino kapena gadiyani pambali panu.

Musadzuke molunjika kuchokera chagada, chifukwa kutero kumakoka minofu yomwe yasokedwayo. Pindani mawondo, tembenukirani kumbali mapewa ndi chiuno zikuyendera limodzi, tsitsani miyendo m'mphepete mwa bedi, ndipo dzikankheni ndi chigongono ndi dzanja mpaka mutakhala tsonga. Khalani pamenepo mphindi imodzi kapena ziwiri mukuyendetsa mapazi. Chizungulire chimabwera kawirikawiri chifukwa magazi amatsikira kumiyendo, ndipo chikapanda kutha gonaninso, mudzayesenso pakapita kanthawi. Chikatha imirirani, yesetsani kuwongola msana ngakhale thupi lifuna kuwerama poteteza bala, ndipo yendani mapazi ochepa okha. Ngati muli ndi paipi ya mkodzo, thumba lake likhale kumunsi kwa chiuno nthawi zonse. Mawa lake fikani kumapeto kwa wodi, mkuja tulukani pakhonde.

Gawo lachitatu: Mafunso oti mufunse musanatulutsidwe

Tsiku lotuluka m'chipatala limakhala la chipwirikiti, anthu amaganizira za katundu ndi ndalama ya ulendo, ndipo ambiri amafika kumudzi osadziwa chimene aloledwa kuchita. Musachite manyazi kufunsa, ndipo pemphani kuti mayankho alembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala kuti wina aliyense wa zaumoyo amene mungadzakumane naye adzathe kuwerenga.

Kwa wa opaleshoni ya mwendo funso lalikulu ndi lakuti, "Adokotala, kodi mwendowu ndiziupondera kapena ayi, ndipo mpaka liti?" Yankho limasiyana malinga ndi fupa limene linathyoka ndi chitsulo chimene chaikidwa. Ena amauzidwa kuti asaponde konse, ena kuti azingokhudza pansi ndi zala, ena kuti aziponda pang'ono, ndipo ena amaloledwa kuponda mokwanira kuyambira pachiyambi. Musatengere zimene anauzidwa mnzanu wa pabedi loyandikana nalo, pakuti munthu woikidwa chitsulo m'kati mwa fupa ndi woikidwa chitsulo chomangidwa ndi misomali pambali pa fupa angathe kupatsidwa malamulo osiyana. Funsaninso kayendetsedwe ka thupi kamene mwaletsedwa, tsiku lochotsa ulusi, limene kawirikawiri limakhala pakati pa masiku 7 ndi 14, tsiku lobwerera kudzaonedwa, ndiponso ngati padzafunike kujambulanso fupa. Ngati pachipatalapo pali wa mafizo, pemphani kuti mumuone musanatuluke, ndipo gadiyani akhalepo, aone ndi maso ndi kuyesa ndi manja ake, chifukwa kumudzi iyeyo ndiye adzakhale mphunzitsi wanu.

Gawo lachinayi: Ulendo wobwerera ndi kukonza pakhomo

Ulendo wochokera ku Blantyre kutsika mapiri kudzera pa Thabwa mpaka ku Nsanje umatenga maola angapo munthu ali chikhalire. Pemphani mpando umene mungatambasulepo mwendo, pitirizani kuyendetsa akakolo, ndipo galimoto ikaima nthawi yaitali pa Nchalo kapena pa Bangula tsikani muwongole miyendo ngati n'kotheka. Kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa mabampu si wabwino kwa munthu wa bala latsopano la pamimba kapena wa fupa longolumikizidwa kumene. Ngati palibiretu njira ina, woyendetsa ayende pang'onopang'ono ndipo munthu wina akhale kumbuyo kwa wodwala. Powoloka pa bwato wodwala anyamulidwe polowa ndi potuluka, bala kapena chikhakha zisakhudze madzi a mumtsinje.

Kukonza pakhomo kuyambe wodwala asanafike. Malo ogona ndiwo oyamba. Kudzuka pamphasa kumafuna mphamvu zambiri za pamimba ndi za mawondo kuposa mmene anthu amaganizira, choncho ngati pali bedi m'banjamo kapena kwa achibale, lipatsidwe kwa wodwala kwa milungu yoyambirira, ndipo ngati ndi lalifupi likwezedwe ndi njerwa zoyalidwa bwino kuti munthu akakhala m'mphepete mwake mawondo asakwere kuposa chiuno. Pamene bedi silingapezeke, ikani mpando wolimba pafupi ndi mphasa. Wodwala atembenukire kumbali, agwade manja ali pansi, agwire mpando, aponde ndi mwendo wamphamvu, kenaka adzikweze. Njira imeneyi si ya munthu wochitidwa opaleshoni ya m'chiuno kapena wouzidwa kuti asaponde, amene ayenera kupezeredwa malo okwera zivute zitani.

Chimbudzi ndi nkhani imene odwala sakonda kuitchula, komabe ndi kumene ambiri amagwera kapena kudzipweteka. Kunyonyomala kumafuna bondo lopindika kwambiri ndiponso kumapanikiza pamimba. Mmisiri wa matabwa aboole pakati mpando wakale wolimba kuti uziikidwa pamwamba pa dzenje, ndipo pambali pazikidwe mtengo wogwirira podzuka. Onetsetsani kuti mitengo ya pansi pa chimbudzicho sinaole, makamaka pambuyo pa madzi osefukira. Usiku pakhale chidebe ndi tochi pafupi ndi pogona, neti ipindidwe bwino potuluka kuti isakole phazi, ndipo njira yopita kubafa ichotsedwe zingwe za mbuzi, miyala ndi zitsa.

Kwa wa opaleshoni ya mwendo, pansi pa mtengo wa mthunzi zikani mitengo ya mphanda inayi n'kugonekapo nsungwi ziwiri zolimba zotalika mamita 3, motalikirana kuposa pang'ono mapewa a wodwala, ndipo msinkhu wake ufike pamfundo ya dzanja munthuyo ataimirira manja ali m'mbali. Pakati pa nsungwi zimenezi munthu amaphunzira kuima ndi kuyenda popanda mantha akugwa.

Gawo lachisanu: Mafizo a tsiku ndi tsiku

Ndi bwino kuchita pang'ono katatu patsiku kusiyana ndi kuchita zambiri kamodzi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, sankhani m'mamawa, madzulo dzuwa litapendeka, ndi usiku musanagone, ndipo imwani madzi musanayambe. Mankhwala ochepetsa ululu amene mwapatsidwa muwamwe monga mwauzidwira, koma konzani nthawi kuti mafizo azibwera patapita pafupifupi theka la ola mutamwa.

Kwa wa opaleshoni ya pamimba, mankhwala aakulu ndi kuyenda. Yambani ndi mphindi 5 katatu kapena kanayi patsiku pabwalo, onjezerani pang'ono masiku angapo alionse, kuti pofika milungu 6 muzitha kuyenda theka la ola popanda kupuma. Onjezeraniponso ziwiri izi. Mutagona chagada mawondo opinda, kokerani mchombo m'kati pang'ono ndi kukanikizira msana pamphasa kwa masekondi 5 mukupuma bwinobwino, maulendo 10. Kenaka finyani minofu ya kumunsi ngati mukuletsa mkodzo ndi mpweya kutuluka, gwirani masekondi 5, masulani, maulendo 10. Zimenezi zimathandiza kwambiri amayi amene angobereka, koma muziyambe paipi ya mkodzo itachotsedwa.

Khungu limapola msanga kuposa minofu ya m'kati, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Bala likauma kunja pa milungu iwiri, m'kati mumakhala mudakali mofooka, choncho kwa milungu 6 musanyamule cholemera kuposa khanda longobadwa kumene. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, osawerengera ndowayo, ndipo kuikweza kuchokera pansi kufika pamutu ndiko kumene kumang'amba minofu yosokedwa n'kubweretsa haniya pabala. Kupopa mjigo, kusinja, kuwaza nkhuni, kuchapa mowerama ndi kubereka mwana wamkulu zonse zidikire. Apongozi ndi amuna a m'nyumba amve bwino mfundo imeneyi, chifukwa mayi sangakane ntchito yekha ngati pakhomo palibe womuthandiza. Mwambo wothowa mayi ndi madzi otentha usafike pabala la opaleshoni, ndipo pabalapo pasapakidwe mankhwala azitsamba kapena kutemedwa mphini. Pewaninso kudzimbidwa pomwa madzi ambiri ndi kudya masamba ndi zipatso, pakuti kudzikakamiza kuchimbudzi kumapanikiza bala mofanana ndi kunyamula katundu.

Kwa wa opaleshoni ya mwendo, vuto lalikulu ndi kuuma kwa bondo ndi kufooka kwa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, imene imaonda m'masiku ochepa ikasiya kugwira ntchito. Ngati dokotala sanakuletseni, tsatirani ndondomeko iyi. Mutagona kapena kukhala mwendo uli chitambasukire, kanikizirani kumbuyo kwa bondo pansi mpaka ntchafu italimba, gwirani masekondi 5, masulani, maulendo 10. Kenaka kokerani chidendene kumatako mochikhwekhwereza pamphasa, mothandizidwa ndi chitenje chokoledwa kuphazi, mpaka mutamva kukoka, gwirani pamenepo masekondi 10, n'kuwongolanso. Masiku akamapita onjezerani kukweza mwendo wonse uli wowongoka, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pansi, mwendo winawo uli wopinda. Zikatheka izi, khalani pampando muziwongola bondo mpaka mwendo utalunjika ndi kuutsitsa pang'onopang'ono, ndipo mukaloledwa kuponda yambani kudzuka ndi kukhala pampando maulendo 10, poyamba mothandizidwa ndi manja, kenaka popanda manja.

Kuwongoka kwa bondo n'kofunika mofanana ndi kupindika kwake. Odwala amakonda kuika pilo kapena nsalu pansi pa bondo chifukwa kutero kumapepukitsa ululu, koma bondo logonekedwa chipindire milungu ingapo limakana kuwongoka, ndipo munthu angathe kutsimphina moyo wake wonse ngakhale fupa litalumikizana bwino. Pilo aziikidwa pansi pa chidendene kuti bondo lizilendewera n'kuwongoka lokha. Kuti mudziwe ngati mukupita patsogolo, kamodzi pa mlungu gadiyani ayeze ndi chingwe mtunda wa pakati pa chidendene ndi thako mutapinda bondo mmene mungathere, amange mfundo pachingwepo, ndipo mlungu wotsatira mufanizire. Kukhala bwino pampando kumafuna bondo lopindika madigiri 90, pamene kunyonyomala ndi kugwada zimafuna kupindika koposa pamenepo, n'chifukwa chake zimabwera komalizira.

Amene aikidwa mfundo yochita kupanga ya m'chiuno kawirikawiri amauzidwa kuti kwa milungu 6 mpaka 12 asapingase miyendo, asakhale pa mpando waufupi kapena pansi, asawerame kutola kanthu, ndipo asapotolozere phazi m'kati, chifukwa mfundoyo ingathe kuguluka. Kwa iwowa kukhala pamphasa pa maliro kapena pamsonkhano wa kwa amfumu n'koletsedwa, ndipo ndi bwino kunyamula mpando wawo.

Wa opaleshoni ya mkono asaiwale mfundo zimene sizinamangidwe. Ngati chikhakha chili pa dzanja, fumbatani ndi kutambasula zala maulendo ambiri patsiku, gundanitsani chala chachikulu ndi chala chilichonse, pindani chigongono ngati chili kunja kwa chikhakhacho, ndipo kwezani mkono pamwamba pa mutu kuti phewa lisaume, makamaka kwa achikulire. Pogona mkono ukhale pamwamba pa pilo, kuposa msinkhu wa mtima. Ngati opaleshoni inali ya paphewa, mukaloledwa weramani pang'ono dzanja labwino litagwira tebulo, mkono wodwalawo ulendewere n'kumazungulira pang'onopang'ono, ndipo pambuyo pake muziyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba ndi kulemba ndi khala pamene mwafika. Chigongono chouma chikatuluka m'chikhakha sichifuna nkhanza. Chizolowezi chonyamulitsa munthu ndowa ya madzi kapena kumukoka mkono kuti uwongoke chimatupitsa mfundoyo ndi kuiumitsa koposa, choncho mwini wake azichipinda ndi kuchiwongola yekha mmene angathere.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: Kuyenda ndi ndodo

Ndodo za m'khwapa ziyenera kuyezedwa pa munthu amene adzazigwiritse ntchito, osati kungobwereka kwa mnansi n'kuyamba kuyendera. Mutaimirira, pakati pa khwapa ndi mutu wa ndodo pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo chogwirira chikhale pa msinkhu wa mfundo ya dzanja. Kulemera kwa thupi kuzipita m'manja, osati m'khwapa, chifukwa m'khwapa mumadutsa mitsempha imene ikapanikizidwa dzanja limachita dzanzi ndi kulefuka. Poyenda tsogozani ndodo zonse ziwiri pamodzi ndi mwendo wodwala, kenaka mwendo wabwino utsatire. Pokwera khonde kapena masitepe uyambe ndi mwendo wabwino, ndodo ndi mwendo wodwala zitsatire, pamene potsika ziyambe ndi ndodo ndi mwendo wodwala.

Dothi la kuno lili ndi mavuto ake. Mumchenga ndodo imamira, ndipo m'dzinja dothi la makande limaterera koopsa. Labala wa kunsi kwa ndodo akatha, dulani chidutswa cha tayala lakale n'kuchikhomera, ndipo valani nsapato zogwira chidendene m'malo mwa masilipasi. Mukafika posiya ndodo ziwiri n'kutsala ndi imodzi, igwireni ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino, ngakhale ambiri amaganiza kuti iyenera kukhala mbali yodwala. Musataye ndodo chifukwa cha manyazi mudakatsimphina, popeza kutsimphina kukazolowereka kumabweretsa ululu wa msana ndi wa m'chiuno.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: Kudziwa muyezo

Mafizo amapweteka pang'ono, ndipo kumva kukoka kapena kutopa kwa minofu n'kwachibadwa. Muyezo wake ndi wakuti ululuwo uzichepa pasanathe maola awiri mutamaliza. Ngati wafika mawa lake, kapena kutupa kwawonjezeka, ndiye kuti munapyola, choncho chepetsani maulendo koma musasiyiretu. Ululu wobaya mwadzidzidzi pamalo pamene fupa linathyoka ndi chizindikiro choti muime pomwepo. Mwendo ukatupa madzulo ugonekeni pamwamba kuposa msinkhu wa mtima, ndipo nsalu yonyowetsedwa ndi madzi ozizira a mumtsuko ingathe kuikidwa pamalo otupawo kwa mphindi 15, kutali ndi bala limene silinapole.

Minofu ndi mafupa zimamangidwa ndi chakudya, ndipo nsima ndi phala zokha sizikwanira. Wodwala azipatsidwa nsomba monga mlamba ndi matemba, nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, chitowe, mazira kapena mkaka, masamba monga chammwamba, ndi zipatso zopezeka kuno monga malambe, masau ndi mapapaya. Fodya amachedwetsa kupola kwa bala ndi kulumikizana kwa fupa, pamene mowa umagwetsa munthu wa ndodo. Amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi asadumphitse, chifukwa shuga wokwera yekha ndi wokwanira kulepheretsa bala kupola.

Gawo lomaliza: Kubwerera ku ntchito ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala

Wa opaleshoni ya pamimba angathe kuyamba ntchito zopepuka, monga kusesa ndi kuphika, pakadutsa milungu ingapo, koma khasu, njinga, kupalasa bwato ndi kusenza zidikire milungu 6 kapena kuposerapo ngati bala linali lalikulu, ndipo poyamba atunge theka la ndowa ndi kulima ola limodzi lokha m'mawa. Fupa la ntchafu kapena la msongolo la munthu wamkulu limatenga miyezi itatu kapena kuposa kuti ligwirane, ndipo chotsimikizira ndi chithunzi cha kuchipatala, osati kutha kwa ululu. Munthu amene ntchito yake ndi yodula nzimbe, kupalasa kabaza kapena kunyamula mabelo a thonje auze dokotala ntchito yakeyo mwatchutchutchu kuti apatsidwe nthawi yoyenera, pakuti chitsulo cha m'fupa chimapindika kapena kuthyoka chikasenzetsedwa katundu fupa lisanalimbe.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku lolembedwa m'kabuku. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka kukatumba, kapena munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi ndi kumva kupweteka pachifuwa, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mwendowo usasisitidwe. Chimodzimodzi bala likafiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena kutseguka, mimba ikatupa munthu akusanza ndi kulephera kutulutsa mpweya, mayi akamataya magazi ambiri, ndiponso zala zotulukira m'chikhakha zikazizira, kusintha mtundu, kuchita dzanzi kapena kupweteka kosamva mankhwala. Kutentha thupi kuno timafulumira kukutcha malungo, koma kwa munthu wa opaleshoni kungachokere pabala, m'chifuwa kapena m'chikhodzodzo, choncho akayezedwe magazi ndipo bala lionedwe, osati kungogula mankhwala pagolosale. Pitani ku chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, cha Montfort ku Nchalo, cha Trinity ku Muona, cha Ngabu kapena cha Kalemba ku Bangula, ndipo iwo ndiwo adzakutumizeni kwina ngati pakufunika kutero.

Ngati tsiku lanu lobwerera likugwera pakati pa Januwale ndi Malichi, kumbukirani kuti misewu ndi milatho ya kuno imaduka, monga zinachitikira pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Sungani ndalama ya ulendo padera, kabuku ndi zithunzi za fupa zikhale m'pepala la pulasitiki, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwe kuti m'mudzimo muli munthu wa opaleshoni, ndipo a m'madera osefukira madzi amene akuyendera ndodo aganizire zokakhala kwa achibale kumtunda nyengoyo isanafike. Pa tsiku lokaonedwa nyamulani chingwe chanu choyezera bondo, ndipo ngati papita milungu 6 bondo likukanabe kupindika mpaka kukhala bwino pampando, kapena likukana kuwongoka, pemphani kalata yokutumizani kwa akatswiri a mafizo nthawi yomweyo, chifukwa mfundo imene yauma miyezi yambiri imavuta kwambiri kuimasula kuposa imene yangoyamba kumene kuuma.